Mbiri Yosokedwa pa Muyeso wa Bambo

"Ndiye zaka zonsezi ku yunivesite ukuphunzira chiyani, ngati sungathe kulemba masamba anayi okha onena za bambo ako?"

"Kulemba nditha, bambo. Ndikungofunsa kuti m'masamba anayiwo amayi aakulu, alamu anu aja, ali pati?"

"Ali kumapeto, pamodzi ndi antchito ena. Umafuna ndiwaike pachikuto?"

Tiyi anali atazizira m'makapu. Amayi ake a mtsikanayo ankapaka majarini pa buledi yemwe anali atamupaka kale, poti m'nyumba imeneyi mkangano ukabuka iwo ankasaka ntchito ya manja n'kuweramira pomwepo.

Mtsikanayo pakhomo ankamutchula kuti Kalekale. Dzinali anamupatsa ndi bambo ake omwe, tsiku lomwe anamva kuti mwana amene iwo anali atalengeza kale kwa anzawo kuti adzakhala loya wasankha kuphunzira mbiri yakale. Kuchokera pamenepo mlendo aliyense wofika pakhomopo ankalandiridwa ndi nthabwala imodzimodzi: "Uyu ndi mwana wanga wa ku yunivesite. Ana a anzathu akuphunzira kuchiritsa amoyo, wangayu akuphunzira miseche ya anthu akufa." Alendo ankaseka ndithu, poti tiyi amene ankamwayo anali wa mwini nthabwala.

Koma pa tchuthi chimenechi miseche ya akufa inapeza msika. Shopu yosokera ya bambo, yomwe inkasoka mayunifolomu a masukulu a m'dera lonselo, inali kukwanitsa zaka makumi awiri, ndipo kunali kukonzedwa phwando. Bambo ankafuna kabuku ka mbiri ya shopuyo koti kagawidwe kwa alendo, Kalekale n'kukawerenga pamaso pa onse.

"Lemba zomwe ndikukuuza," anatero bambo akugogoda tebulo ndi supuni. "Uyambe chonchi: panali mnyamata wina wosauka, wopanda ngakhale nsapato, koma anali ndi masomphenya."

"Nokha mumatiuza kuti musanabwere kushopu munkagulitsa nsapato m'sitolo."

"Zinali za eni ake. Ndipo mbiri iliyonse yabwino imayamba ndi munthu wopanda nsapato. Sakuphunzitsani zimenezi?"

"Amatiphunzitsa kufunsa kuti wanena ndani, anali pati pomwe zinkachitika, ndipo akupindulapo chiyani."

"Wanena ndine. Ndinali pomwepo. Phindu lake ndi lomwe ukutafunalo."

Kalekale anabwezera buledi m'mbale.

Chiyambi cha shopuyo sichinali chinsinsi kwa aliyense wa m'deralo amene ali ndi imvi. Amayi aakulu, mkazi wa malemu mkulu wawo wa bambo, ndiwo anayamba kusoka pakhonde ndi makina opalasa ndi mapazi, amuna awo akudula nsalu. Mng'ono wawoyu anachita kubwera pambuyo kudzathandiza kuperekera katundu m'masukulu. Mkulu uja atamwalira, makiyi anasintha thumba misozi isanaume, ndipo mayi wamasiyeyo, yemwe analibe mwana, anasiyiridwa kachipinda kuseri kwa shopu. Kachipinda kameneka ndi kamene kankamusowetsa mtendere Kalekale.

"Dzana ndinamva mukuuza kalipentala kuti akayeze chipinda cha amayi aakulu."

"Kuyeza si kuthamangitsa. Matelala anga amayeza anthu tsiku ndi tsiku, wafapo ndani?"

"Munati makina atsopano opeta mabaji alibe poikidwa."

"Ndiye makinawo ndiwaike pamutu panga? Mlamu wanga ndamusunga zaka zonsezi. Akanakhala wina..."

"Mukanawachotsa kale, kungoti mumaopa pakamwa pa anthu. Ndiye mukufuna kabuku kanene kuti munachita kuwatola, kuti tsiku lowachotsalo anthu adzakuyamikeni m'malo mokunenani."

Bambo anaika supuni pansi n'kutembenukira kwa akazi awo. "Mukumva inu? Ndinatumiza mwana kusukulu, andibwezera wapolisi."

"Mwanangu," anatero amayi ake osakweza maso, "kukana nsalu ya akulu n'kuviika. Lemba kaye, zinazo zidzaoneka."

"Ndilemba. Koma ndilemba mmene amatiphunzitsira. Ndifunsa anthu amene analipo, aliyense payekha, ndikuwajambula mawu."

Ankaganiza kuti bambo ake anjenjemera. Iwo anangomwetulira ngati munthu amene wauzidwa kuti mlandu wake ukaweruzidwa ndi mkazi wake.

"Funsa. Funsa aliyense. Ndikubwereka ofesi yanga, ndi mpando wozungulira womwe."

Tsiku lofunsalo Kalekale anapeza mboni zake zitafola kale pakhomo la ofesi, zitavala malaya ochapa. M'shopu makina ankalira mzere wonse, mpweya ukununkhira nsalu zatsopano ndi simbi yotentha. Woyamba kulowa anali wodula nsalu, bambo wachikulire wa tepi m'khosi ndi choko kukhutu. Kalekale anaika foni patebulo n'kufunsa monga momwe aphunzitsi ake ankanenera, funso losamuikira munthu mawu m'kamwa.

"Tandiuzeni mmene shopu ino inayambira."

Wodula nsalu anayang'ana kudenga. "Bwana anayamba ndi manja awiri ndi masomphenya. Mulungu atawadalitsa sanaiwale abale. Anatola alamu awo atasowa pogwira, n'kuwapatsa denga ndi ntchito."

Wachiwiri anali mayi wosita zovala. Nayenso anayang'ana kudenga. "Bwana anayamba ndi manja awiri ndi masomphenya. Mulungu atawadalitsa sanaiwale abale." Kalekale anakweza maso kuti aone ngati mbiriyo inalembedwa pamalata, koma kunali akangaude okha.

Wachitatu anali mlonda, ndipo iyeyu anayenda bwinobwino mpaka pafupi ndi kumapeto. "Anatola alamu awo atasowa... atasowa..."

"Pogwira," anamuthandiza Kalekale.

"Eya, pogwira. Zikomo, achemwali."

"Koma inu munayamba ntchito pano chaka chatha."

"Zoona. Koma ndikukumbukira bwino kwambiri."

Kalekale anamutsatira wodula nsalu ku tebulo lake lalitali, komwe anali atayala kale nsalu yobiriwira ya masiketi.

"Inu munalipo kuyambira pakhonde paja. Kudula anakuphunzitsani ndi malemu."

"Kafoniko kazima?"

"Kazima."

"Ndiye ukufuna ndikuuze chiyani chomwe sukuchidziwa? Pano palibe chinsinsi, mwana iwe. Pali ana oti adye. Iwe tchuthi chikatha ubwerera kusukulu, ife Lolemba tili pompano." Anatola sizasi n'kupitiriza ntchito yake.

Masana bambo anasuzumira mu ofesi, manja ali m'matumba. "Kafukufuku wayenda bwanji, a pulofesa?"

"Mboni zitatu zikanena mawu ofanana mpaka popumira, ndiye kuti mboni ndi imodzi, ndipo mboniyo sinalowe muno."

"Kapena ndiye kuti zoona ndi zimodzi. Taona, anthu osapita ku yunivesite akugwirizana, wophunzira yekha ndiye akusochera."

Kunatsala mboni imodzi imene bambo anaiwala kuiika pamzere. Kalekale anazungulira kuseri kwa shopu, kudutsa mulu wa zidutswa za nsalu, mpaka pa kachipinda kaja. Munali bedi, mpando umodzi, kachitofu, mabotolo a mabatani atandandalikidwa pawindo, ndi makina akale aja pakona ataphimbidwa ndi nsalu yoyera. Pakhoma panali mizere ya pensulo ya kalipentala, wina utadutsa pamwamba pa bedi penipeni. Amayi aakulu anali atakhala pakhomo pofuna kuwala, akusokerera mabatani pa malaya a ana a sukulu. Maso atayamba kufooka anawachotsa pa makina n'kuwapatsa ntchito imeneyi, ndipo bambo ankaitchula kuti kuwakweza udindo.

"Ndamva kuti ukutchera mawu a anthu m'kafoni," anatero akuluma ulusi.

"Ndabwera kudzamva kwa eni ake. Amayi, makina awo anagula ndani?"

"Ndaiwala."

"Simunaiwale. Munkandikhazika pamwendo mukuwapalasa."

"Ukalamba uli ndi ubwino wake, mwanangu. Munthu umaiwala zomwe zingakugonetse panja."

Kalekale anakokera mpando pafupi. "Amayi, zomwe ndakhala ndikuwerenga zaka zonsezi zimayenda njira imodzi. Wamphamvu akafuna malo ako sayamba ndi kukukankha ayi. Amayamba wakufufuta m'nkhani. Amalemba kuti unali mlendo, kuti anachita kukusunga mwachifundo. Anthu akazolowera kumva zimenezo, m'pamene amabwera kudzazula chitseko, ndipo palibe amene amatsegula pakamwa."

"Anthu a m'mabuku akowo, alipo amene mvula ikuwanyowetsa panopa?"

"Anafa kalekale."

"N'chifukwa chake ukuwalankhulira mosaopa. Wakufa sathamangitsidwa kawiri. Ine ndili moyo, ndipo miyendo yanga imatupa kukazizira." Anatola batani lina m'botolo. "Bambo ako anabwera pano, anakhala pampando wakhalawo. Anati, mlamu, phwando likadutsa popanda phokoso, chipinda ndi chanu mpaka Mulungu adzakuitaneni."

"Nanga mizere ili pakhomayi?"

"Pensulo imafufutika. Mawu onenedwa pagulu safufutika. Ukakawachititsa manyazi pamaso pa ahedi a masukulu onse aja, iwe mawa lake uli ku yunivesite anzako akukuchemerera, ine ndili pamsewu ndi mabotolo anga. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Dzina langa papepala ndi fodya wa pachala, ngwamphepo."

"Chete chete sautsa nyama, amayi."

"Mwambi umenewo ndi wa alenje. Ine pano nyamayo ndine."

Kalekale anakwiya, n'kuchitanso manyazi. Mayeso onse ankakhoza, zolemba zake aphunzitsi ankaziwerengera kalasi yonse, koma panalibe amene anamuuzapo chochita mboni ikakugwira dzanja n'kukupempha kuti uiname.

"Sindinabale wanga, koma iwe ndinakubereka kumbuyo kuno," anatero amayi aakulu, dzanja lawo lili pa lake. "Ndikupempha ngati mayi ako. Werenga zomwe akufuna. Kodi dzina munthu amafunda?"

Masiku otsatirawo Kalekale ankalemba n'kufufuta, kulemba n'kufufuta. Potsiriza analemba zonse mmene bambo ankafunira, mnyamata wopanda nsapato ndi masomphenya ake, koma pakati pa tsamba lachiwiri anabisapo chiganizo chimodzi chaching'ono: makina oyamba a shopuyi ankawapalasa ndi amayi aakulu. Ankadziwa kuti bambo ake sakonda kuwerenga, ndipo anadalira zimenezo. Anaiwala kuti munthu wosakonda kuwerenga amawerenga mosamala kwambiri zikakhala za iye mwini. Bambo anachipeza chiganizocho ngati kamwala m'mpunga.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndi zoona."

"Zoona zikhale, koma zikutalikitsa tsamba. Telala wabwino amadula zolendewera."

"Telala ndi ndani pano, bambo? Inu ulusi pasingano munalowetsapo?"

"Wamkulu wa asilikali sawombera mfuti, koma nkhondo imatchedwa yake. Zimenezonso sakuphunzitsani?"

Kalekale anayang'ana cholembera chofiira chili m'dzanja la bambo ake, n'kukumbukira dzanja la amayi aakulu. "Chabwino, ndichotsa. Koma mulonjeze pano, amayi akumva, kuti chipinda cha amayi aakulu sichikhudzidwa."

"Ndalonjeza. Sichikhudzidwa. Ine ndine munthu wopemphera."

Amayi ake anagwedeza mutu, maso ali pa nsalu ya patebulo imene ankaiwongola ngakhale inalibe khwinya.

"Ndipo pachikuto ulembe dzina lako," anapitiriza bambo. "Pansi pake uike kuti wophunzira mbiri yakale ku yunivesite. Zilembo zikuluzikulu. Zikachokera kwa ine anthu ati ndikudzitama, koma zikachokera ku yunivesite angatsutse ndani?"

Apa Kalekale anadziwa bwino lomwe chimene akugulitsa. Si masamba anayi aja ayi, amenewo akanatha kulemba ngakhale mlonda. Anachidziwa, chinamuwawa, ndipo analembabe dzina lake, akudziuza kuti denga la amayi aakulu likuposa ulemu wake.

Tsiku la phwando pabwalo la shopu panaimikidwa tenti, mipando yapulasitiki itavekedwa nsalu zoyera. Kutsogolo kunakhala ahedi a masukulu, ogulitsa nsalu ndi abusa. Antchito anakhala kumbuyo, onse atavala malaya ofanana osokedwa dala, ndipo amayi aakulu anali pakati pawo, kumapeto kwa mzere, pafupi ndi mabotolo a zakumwa. Patebulo lapamwamba panali makina awo akale aja. Anali atanyamulidwa m'chipinda mmawa womwewo, atapukutidwa mpaka kunyezimira, atamangidwa kansalu kofiira, ndipo patsogolo pake panali chikwangwani chonena kuti awa ndi makina omwe bwana anayambira.

Ahedi ena achimayi anakhudzidwa kwambiri. "Bwana, tatiwonetseni mmene munkachitira masiku amenewo."

Anthu anawomba m'manja, ndipo bambo analibe pothawira. Makinawo anatsitsidwa, iwo n'kukhala pampando, kupinda manja a jekete, kuika mapazi onse awiri pachopondera n'kupalasa mwamphamvu. Gudumu linazungulira chobwerera m'mbuyo, ulusi unapiringizana, singano n'kuthyoka. Kumzere wa antchito wina anakhosomola nthawi yaitali.

"Akalamba," anatero bambo akuseka. "Atumikira mokwanira. Chinthu chikakalamba chimafunika kupuma." Alendo anaseka nawo, nkhani n'kuthera pomwepo.

Kenako anaitanidwa Kalekale. Anaima ndi kabuku m'manja, atatsimikiza mumtima kuti awerenga mwamphwayi, mothamanga, kuti pasapezeke womvetsera. Koma mwana wozolowera kukhoza sadziwa kulephera dala. Atangodutsa mizere ingapo mawu ake anakhazikika. Anayamba kupumira poyenera, kukweza pofunika kukweza, kutsitsa pa mnyamata wopanda nsapato uja mpaka tenti yonse inangoti zii. Anali atalemba bwino, ndipo anawerenga bwino koposa. Atafika pa mayi wamasiye amene anasowa pogwira, amene mlamu wake anamutsegulira khomo pomwe dziko lonse linamutsekera, azimayi akutsogolo anatulutsa mipango. Abusa anati ameni. Anthu anatembenuka kuyang'ana amayi aakulu ndi maso achifundo, ndipo iwo anaweramitsa mutu monga woyenera kuthokoza.

M'manja munawombedwa mpaka anthu kuimirira. Bambo anamukumbatira mwana wawo pagulu, chinthu chomwe sanachitepo chibadwire chake, kenako anatenga chokuzira mawu.

"Abale, ine ndivomereze kulakwa. Mwanayu atasankha maphunziro amenewa ndinkati ndataya mbewu pamwala. Ndinkamuseka. Lero ndaona ndekha. Makolo, tumizani ana anu akaphunzire mbiri yakale. Ndi maphunziro othandiza kwambiri pa bizinesi."

Zaka zonsezi Kalekale ankalota tsiku lomwe bambo ake adzanene mawu amenewa. Atawamva sanakweze maso, anangotseka kabuku kaja.

Sabata isanathe, mmawa wina akupita kushopu anamva kulira kwa nyundo kuchokera kuseri. Anathamanga. Kalipentala anali atazula kale chitseko cha kachipinda kaja n'kuchitsamiritsa kukhoma. Bedi linali panja, matiresi atakulungidwa ndi chingwe, mabotolo a mabatani ali m'katoni. Galimoto yoperekera mayunifolomu inali itaima chafutambuyo, ndipo amayi aakulu anali atakhala pa mtolo wa zovala, atavala diresi lawo lopitira kutchalitchi. Bambo anaima chapatali, akuloza poti makina atsopano adzakhale.

"Bambo, munalonjeza."

"Ndinalonjeza chiyani?"

"Kuti chipindachi sichikhudzidwa. Amayi analipo."

"Amayi ako sakumbukira bwino masiku ano. Ndipo iwe wophunzira, lonjezo limenelo linalembedwa m'kabuku kati? Ine ndili ndi kabuku kamodzi kokha, ndipo kali ndi dzina lako pachikuto." Anatulutsa kabukuko m'thumba la malaya, poti tsopano ankayenda nako paliponse. "Sindikumutaya mlamu wanga. Akupita kwa mwana wa mchemwali wake. Ndapereka galimoto, mafuta ndi anga. Akanakhala wina akanamukweza basi."

"Kumeneko ndi chipinda chimodzi, muli ana asanu."

"Ndiye sakasungulumwa."

Pamsewu panali pataima anthu angapo oyandikana nawo. Kalekale anawayang'ana mmodzimmodzi, akudikira pakamwa paja pamene bambo ake ankapaopa zaka zonsezi. Mayi wogulitsa pagolosale yoyandikana, yemwe ankawadziwa amayi aakulu kuyambira pakhonde paja, anapukusa mutu mwachisoni.

"Komabe bwana ayesetsa. Zaka zonsezi kusunga mlamu si masewera. Abale ake nawonso amuoneko. Ife tinkamva zina, koma mwana wa ku yunivesite wafotokoza zonse bwinobwino."

"Inu mukudziwa kuti si zoona," anatero Kalekale. "Munkawaona akusoka pakhonde."

"Ine sindinapite patali ndi sukulu, mwanangu. Ndingatsutsane ndi buku?"

Amayi aakulu anadzuka pang'onopang'ono n'kupita pomwe panaima alamu awo. Analankhula motsitsa, manja ali pamodzi.

"Alamu, sindikukana kupita. Ndimati makina anga aja. Kumene ndikupitako ndizikasokako zigamba, ndizipezako sopo."

"Makina ati? Aja ali kutsogolo kwa shopu? Aa, mlamu, amenewo ndi mbiri ya kampani. Ndaitanitsa kale galasi loti awaikemo. Alendo akabwera adzaona chiyani?"

"Bambo, ndikalemba kabuku kena," anatero Kalekale. "Ndikanena zonse. Ndikanena kuti ndinanama."

"Lemba. Ukaitanenso ahedi, ubwereke tenti, ugule zakumwa, uwauze kuti wophunzira uja anali wabodza koma lero mumukhulupirire. Ine ndidzakhala kutsogolo." Anabwezera kabuku m'thumba n'kupita kukakalipira kalipentala kuti akuchedwa.

Kalekale ananyamula katoni ya mabatani n'kuiika m'galimoto. Anawagwira dzanja amayi aakulu powakweza kutsogolo, ndipo misozi imene anaimeza sabata yonse inatuluka yokha.

"Ndinakuuzani, amayi. Ndinakuuzani kuti zimatha chonchi."

"Unandiuza."

"Ndikanapanda kukumverani."

"Ukanapanda kundimvera ndikanakutukwana mpaka kumanda, ndikuganiza kuti wandigonetsa panja ndiwe. Wosauka sasankha njira, mwanangu, amangosankha woti amukwiyire." Anakonza mpango kumutu. "Leka kulira pamsewu, bambo ako angati maphunziro akusokoneza mutu."

Woyendetsa analiza galimoto. Amayi aakulu anatsitsa galasi, n'kumuyang'ana nthawi yaitali ndi maso awo ofookawo, mopanda mkwiyo, ndipo kupanda mkwiyoko n'kumene kunamupweteka Kalekale.

"Koma unawerenga bwino tsiku lija. Sanakunamize aphunzitsi ako, mutu uli nawo. Utafika pa mayi wotoledwa uja, ngakhale ine ndinamumvera chisoni. Ndinachita kufunsa wosita zovala kuti kodi mayi wosauka ameneyu ndi wa kuti."